Kawailesi ka Memori ndi Tizipangizo Tina Toimbira Nyimbo: Kodi Phindu Lake Lili Pati?

Aliyense amene anayendapo pa msika wa ku Ulónguè, wa ku Dómuè kapena pa malire a Zóbuè ndi Calómuè amadziwa kuti pa matebulo a anyamata ogulitsa matchaja ndi mahedifoni sipalephera kupezeka tizipangizo toimbira nyimbo. Pali timawailesi tolowa memori ndi fulashi, pali timasipika ta Bluetooth, palinso tina ting'onoting'ono ngati bokosi la machesi tomwe munthu amangotipana pa kolala ya shati. Ogula ambiri amafunsa chinthu chimodzi chokha, chakuti kamalira mokweza bwanji, ndipo wogulitsa amayankha pokweza voliyumu mpaka pamapeto. Komatu kulira mokweza pa tsiku loyamba ndi chinthu chimene pafupifupi kachipangizo kalikonse kamakwanitsa. Kusiyana kwa kabwino ndi kongotayitsa ndalama kumaonekera kunyumba, pamene memori yomwe inkaimba bwinobwino mu foni yakana kuwerengeka, kapena pamene batire lafa koma lina lolowa m'malo mwake silikupezeka pa msika uliwonse wapafupi.

Wina angadabwe kuti munthu agulirenji kachipangizo kapadera pamene foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, imaimba nyimbo. Yankho lagona pa magetsi ndi pa mamega. M'chigawo chathu cha Tete ndi mmene muli damu la Cahora Bassa, ku Songo, lomwe linamalizidwa mu 1974 ndipo lili ndi mphamvu yopanga mamegawati 2,075, koma gawo lalikulu la magetsiwo limapita ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ikudalirabe kasola ka padenga kapena malo otchajitsira mafoni pa msika. M'midzi yotere batire la foni ndi chuma, chifukwa foniyo ndi imene imalandira ndalama za M-Pesa kapena e-Mola, ndi imenenso imabweretsa uthenga wa matenda kapena wa maliro. Mlimi amene akupalira mbatatesi kudimba kapena kusankha fodya m'chigafa tsiku lonse sangalole kuti foni yake ithere pa nyimbo dzuwa lisanafike paliwombo. Kumvera pa YouTube kapena pa Spotify nakonso kumafuna netiweki yosadukaduka ndi mamega atsopano ulendo uliwonse, pamene nyimbo yoikidwa pa memori imalipiridwa kamodzi n'kumaimbidwa mpaka kale.

Chinachititsa kuti nyimbo zambirimbiri zikwane m'kachinthu kakang'ono ndi njira yopanikizira mawu yotchedwa MP3, imene inakonzedwa makamaka ndi akatswiri a ku bungwe la Fraunhofer ku Germany, mmodzi wa iwo Karlheinz Brandenburg, ndipo inasindikizidwa monga muyezo wa padziko lonse mu 1993. Njirayi imataya mbali za mawu zimene khutu la munthu silizindikira kwenikweni, moti nyimbo imene pa CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi iliyonse imatsika n'kufika pa 1 MB ikasungidwa pa mlingo wopanikizira wa 128 kbps. Tizipangizo toyamba toyenda nato tinatuluka mu 1998, MPMan wa ku South Korea ndi Rio PMP300 wa ku America, ndipo Rio anali ndi malo a 32 MB okha, okwana nyimbo za theka la ola pa mlingo umenewu. Apple inatulutsa iPod mu October 2001 yokhala ndi 5 GB, ndipo inkatsatsa kuti ikwana nyimbo 1,000. Lero memori ya 8 GB yosakula kuposa chikhadabo imakwana nyimbo pafupifupi 2,000 za mphindi zinayi, zomwe munthu angamvere usana ndi usiku kwa masiku oposa asanu popanda kubwereza ngakhale imodzi.

Vuto loyamba la kugwirizana lili pa mafayilo enieniwo, ndipo ndi limene limasokoneza anthu kwambiri chifukwa siliwoneka ndi maso. Kwa womvera nyimbo ndi nyimbo basi, koma kwa kachipangizo fayilo iliyonse inalembedwa m'chinenero chake, ndipo kamangowerenga zinenero zimene kanaphunzitsidwa ku fakitale. Timawailesi totchipa tambiri timawerenga MP3, tina timawonjezerapo WAV ndi WMA, n'kuthera pomwepo. Foni yamakono imawerenga pafupifupi mitundu yonse, n'chifukwa chake mwini wake sazindikira kuti pa memori yake pali mitundu itatu kapena inayi yosakanikirana. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umasungidwa m'njira yotchedwa Opus. Nyimbo zotengedwa pa intaneti kudzera m'mapulogalamu a pa foni nthawi zambiri zimabwera zili M4A kapena WebM. Motero mtsogoleri wa kwaya amene wajambula mawu a nyimbo yatsopano n'kutumizira anzake pa WhatsApp angadabwe kumva kuti mayi wina wa m'kwayamo, amene anasamutsira fayiloyo pa memori ya kawailesi kake, sakuipeza, pamene ilipo ndithu koma kawailesiko kakungoidumpha.

Ena amayesa kuthetsa vutoli posintha dzina la fayilo, kufufuta zilembo za kumapeto n'kulembapo mp3. Zimenezi n'chimodzimodzi kulemba mawu akuti chimanga pa thumba la nyemba, chifukwa za m'katimo sizisintha. Chofunika ndi kutembenuza fayiloyo kuti ikhaledi MP3, ndipo mapulogalamu aulere monga VLC ndi Audacity amachita zimenezi pa kompyuta. Munthu wopita kokaikitsa nyimbo pa msika angachite bwino kunena mosabisa kuti nyimbozo ndi zoimbira mu kawailesi, osati mu foni. Pa nkhani ya mlingo, sindikuona chifukwa chodzazira memori ndi mafayilo a 320 kbps, omwe amadya pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, kapena a FLAC, omwe amadya pafupifupi theka la malo a CD, ngati nyimbozo zizituluka mu kasipika kamodzi kosakula kuposa chivundikiro cha botolo la mafuta ophikira. Kusiyana kwake kumamveka pa mahedifoni abwino m'chipinda chopanda phokoso, osati pa kabaza kapena m'chapa yopita ku Moatize.

Memori nayo ili ndi mibadwo yake, ngakhale kuti yonse imafanana kukula ndipo imalowa pa kabowo kamodzimodzi. Mbadwo woyamba, wa SD, umathera pa 2 GB. Wachiwiri, SDHC, unabwera mu 2006 ndipo umathera pa 32 GB. Wachitatu, SDXC, unalengezedwa mu 2009 ndipo ndi wa mamemori oposa 32 GB, monga a 64 GB ndi 128 GB. Chimene chimasiyanitsa kwambiri mibadwoyi kwa ife ndi kakonzedwe ka mkati kosungira mafayilo, chifukwa SDHC imabwera ili pa FAT32 pamene SDXC imabwera ili pa exFAT, ndipo timawailesi tambiri timadziwa FAT32 yokha. Apa ndi pamene munthu amene wadzimana n'kugula memori yaikulu ya 64 GB amakhumudwa poona kawailesi kakulemba kuti palibe fayilo, pamene mnzake wa 8 GB akuvina sungura. Nthawi zina memori yaikuluyo imayamba kuwerengeka ikafomatidwa kukhala FAT32, koma kufomata kumafufuta zonse zomwe zilipo, ndipo si kachipangizo kalikonse kamene kamavomera ngakhale zitatero. Kwa munthu wogulira kawailesi, memori ya 8, 16 kapena 32 GB ndi imene ilibe mikangano.

Palinso chinyengo chimene chafala padziko lonse, cha mamemori ndi mafulashi onamizira kukula. Kamemori ka 4 kapena 8 GB kamasinthidwa mkati kuti kaziuza foni ndi kompyuta kuti ndi ka 64 GB, ndipo kunja kumasindikizidwa dzina la kampani yodziwika. Poyamba zonse zimayenda bwino, koma malo enieni akadzaza mafayilo atsopano amatayika kapena amalembedwa pamwamba pa akale, moti mayina a nyimbo amaonekabe pamndandanda koma nyimbozo siziimba. Kuyang'ana nambala imene foni ikuonetsa sikuthandiza, popeza nambalayo ndi imene inanamizidwa. Njira yodalirika ndi kudzaza memoriyo mpaka pakamwa kenako n'kuyesa mafayilo oyamba ndi omaliza, kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imalemba pa malo onse n'kuwerenganso. Memori yaikulu yogulitsidwa pa mtengo wa yaing'ono iyenera kukayikiridwa. Chinanso chimene chimasowetsa nyimbo ndi vairasi ya pa makompyuta oikitsira nyimbo, imene imabisa mafoda n'kusiya tizizindikiro tongolozera, ndipo kawailesi sikatha kutsata tizizindikiro timeneti ngakhale nyimbo zonse zikadalimo.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamavutitsa anthu okonda dongosolo. Tizipangizo totchipa tambiri sitisanja nyimbo potsata zilembo za mayina ake, koma potsata mmene zinalowera pa memori, choncho ulaliki wa magawo asanu kapena Baibulo la mawu likhoza kuyambira pakati. Kuika manambala kutsogolo kwa mayina, monga 01, 02 ndi 03, ndi kukopera foda imodziimodzi mwa ndondomeko kumathandiza. Zilembo monga ã ndi ç za Chipwitikizi kapena ŵ ya Chichewa zimatuluka ngati timabokosi pa tigalasi tina, koma zimenezo siziletsa nyimbo kuimba.

Tsopano tifike pa iPod, yomwe imapezeka mwa apo ndi apo m'manja mwa ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito kapena ngati mphatso yochokera kwa wachibale wa ku Joni. Palibe angatsutse kuti inapangidwa mwaluso ndiponso kuti mawu ake ndi abwino kuposa a kawailesi ka pa msika. Koma iPod inapangidwira munthu amene ali ndi kompyuta yakeyake. Ilibe polowetsa memori, ndipo nyimbo zimalowa kudzera m'pulogalamu ya iTunes kapena ina yogwira ntchito yofanana nayo, moti mafayilo ongokokeredwa mkati ngati mmene timachitira ndi fulashi saonekera pamndandanda wa nyimbo. Ikalumikizidwa ku kompyuta yachilendo n'kuvomereza kuti ifanane ndi nyimbo za pa kompyutayo, zomwe zinalimo kale zimafufutika. Siwerenganso WMA. Chingwe chake ndi chapadera, cha mano 30 pa zakale ndi cha Lightning pa zomwe zinatuluka kuyambira mu 2012, pamene iPod shuffle ya mibadwo yomaliza imatchajidwa kudzera pa bowo la mahedifoni ndi kachingwe kake kokha. Shuffle ya mu 2009 inafika posakhala ndi mabatani osinthira nyimbo pa thupi lake, onse anali pa chingwe cha mahedifoni a Apple, kotero kuti mahedifoniwo akaduka mwini wake amasowa pogwira.

Apple inasiya kupanga iPod nano ndi iPod shuffle mu July 2017, ndipo iPod touch, yomwe inali yomaliza, inasiyidwa mu May 2022. Izi zikutanthauza kuti nano kapena shuffle iliyonse imene munthu angaipeze lero ili ndi batire lokalamba, lomatidwa mkati, lomwe kulisintha kumafuna mmisiri ndi batire la mtundu wake womwewo. Kwa mphunzitsi wa mumzinda wa Tete amene ali ndi laputopu ndiponso magetsi a kampani ya EDM, iPod yotchipa ingakhale chisangalalo. Kwa munthu wa ku Furancungo amene amaikitsa nyimbo pa msika, ingathe kukhala chokongoletsera chabe. Pakati pa iPod ndi kawailesi pali tizipangizo monga SanDisk Clip ndi Walkman wa masiku ano wa Sony, tomwe kompyuta imatiwona ngati fulashi wamba ndipo tambiri mwa ito timalola memori. Tikapezeka tili bwino timaposa mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti batire lake nalonso ndi lomatidwa.

Mawu akuti Bluetooth olembedwa pa bokosi amasokonezanso ambiri, chifukwa sanena ngati kachipangizoko kamalandira kapena kamatumiza. Kawailesi kapena kasipika nthawi zambiri kamangolandira, kutanthauza kuti foni ingakatumizire nyimbo, koma iko sikangatumize nyimbo za pa memori yake ku mahedifoni opanda chingwe. Wofuna kumvera m'makutu popanda chingwe ayenera kufunafuna kachipangizo kotumiza, ndipo ayenera kukayesa ndi mahedifoni ake omwewo asanapereke ndalama. Bowo lakale la mamilimita 3.5 ndi lodalirika kuposa zonsezi, ngakhale kuti nalo lili ndi msampha wake. Mahedifoni okhala ndi maikolofoni ali ndi mizere itatu pa pulagi m'malo mwa iwiri, ndipo anapangidwa m'njira ziwiri zosemphana, ya CTIA yomwe mafoni ambiri amatsata lero ndi ya OMTP ya mafoni akale monga a Nokia. Zikasemphana, mawu a woimba amamveka ngati ali m'chitsime, n'kuwongoka pokhapokha munthu akadinikiza batani la pa chingwe. Pa tizipangizo ting'onoting'ono chingwe chomwecho ndi chimene chimakhala eriyo ya FM, choncho wailesi siigwira mahedifoni akachotsedwa.

FM yokhayo ndi chifukwa chokwanira choti ambiri asankhe kawailesi, popeza nkhani, mauthenga a maliro, mpira ndi mapulogalamu a Chinyanja a Rádio Moçambique, komanso mawailesi a ku Malawi amene amamveka m'madera a m'malire, zonsezi zimafika popanda mamega. Chofunika kuona n'chakuti kachipangizoko kazigwira kuyambira pa 87.5 mpaka pa 108 MHz. Zipangizo zopangidwira msika wa ku Japan kale zinkathera pa 90 MHz, ndipo eni magalimoto ochokera kumeneko amalidziwa bwino vutoli.

Mtengo weniweni wa kachipangizo, mmene ine ndikuonera, umaweruzidwa ndi batire. Batire la lithium limachepa mphamvu pang'onopang'ono likatchajidwa maulendo mazana angapo, ngakhale litasamalidwa chotani, choncho funso lofunika ndi lakuti chidzachitike n'chiyani tsiku limenelo likadzafika. Timawailesi tambiri timagwiritsa ntchito BL-5C, batire lomwe Nokia inapangira mafoni ake akale, la mavoti 3.7 ndi mphamvu ya pafupifupi 1,000 mAh, ndipo tina timagwiritsa ntchito lozungulira lotchedwa 18650, lomwe limapezekanso m'matochi. Onse awiri amachotseka ndi chala ndipo amagulitsidwa paokha. Munthu akhoza kukhala ndi awiri, lina likuimba kumunda pamene lina likutchajidwa pa sola, ndipo likafa amangogula lina pa mtengo wochepa poyerekeza ndi wa kawailesi katsopano. Kachipangizo ka batire lomatidwa, ngakhale kakongole bwanji, moyo wake ndi wofanana ndi wa batirelo, pokhapokha pakhale mmisiri wodziwa kukatsegula. Choncho poyerekeza mitengo iwiri, kaya m'mametikali kaya m'makwacha monga zimakhalira m'misika ya m'malire, ndi bwino kugawa mtengowo ndi miyezi imene chinthucho chidzagwire ntchito, n'kuwonjezerapo ndalama za chingwe, za memori ndi za kutchajitsa.

Manambala a pa bokosi ndi a pa batire sayenera kukhulupiriridwa mwachisawawa. Batire la 18650 la makampani odziwika limathera cha pa 3,500 mAh, choncho lolembedwa 9,900 mAh likunena zosatheka, ndipo nthawi zambiri limapepuka m'dzanja poyerekeza ndi lenileni. N'chimodzimodzi ndi mawati. Batire la 1,000 mAh pa mavoti 3.7 limasunga mphamvu yokwana mawati 3.7 kwa ola limodzi, moti kasipika kotulutsadi mawati 100 kangalimalize m'mphindi ziwiri zokha. Kamene kamaimba masana onse pa batire lotere kamatulutsa mawati ochepa kwambiri, kaya pa bokosi palembedwe zotani. Ochepawo ndi okwanira ndithu pa khonde kapena m'munda, ndipo m'makutu amatha kupitirira muyezo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa mlingo wa madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera maolawo amachepa msangamsanga. Woyendetsa njinga yamoto amene amakweza mahedifoni kuti apose kulira kwa injini akuwononga makutu ake, kuwonjezera pa kusamva galimoto yobwera kumbuyo.

Pa nkhani ya kutchaja, pafupifupi tizipangizo tonseti timafuna mavoti 5 a USB, omwe tchaja ya foni, kasola ndi pawabanki zimapereka. Mabowo ndi amene amasiyana: mini-USB pa takale, micro-USB pa tambiri, ndi USB-C pa tatsopano. Ka micro-USB kapena USB-C ndi kosavuta chifukwa chingwe chake chimapezeka m'nyumba iliyonse, pamene cha mini-USB chikusowa chaka ndi chaka. Tizipangizo tina totchipa ta USB-C tinasiyidwa topanda tizida tiwiri ting'onoting'ono touza tchaja kuti itulutse magetsi, moti sititchajika ndi chingwe chokhala ndi USB-C mbali zonse ziwiri, koma timatchajika bwinobwino ndi chingwe chokhala ndi pulagi yaikulu yakale mbali imodzi. Munthu asanagamule kuti kachipangizo kafa, ayambe wayesa chingwe cha mtundu winawo.

Zambiri mwa zimenezi zikhoza kuyesedwa pa tebulo la wogulitsa pomwepo, ngati wogula wabwera ndi memori yake, mahedifoni ake ndi chingwe chake, m'malo modalira memori ya wogulitsa yomwe inasankhidwa kale kuti imaimba. Angaone ngati kachipangizoko kakupeza mafoda onse, ngati kamakumbukira pomwe kanalekezera kakazimitsidwa, chinthu chofunika kwa omvera maulaliki ndi maphunziro aatali, ndiponso ngati kakuimbabe chingwe cha magetsi chikazulidwa. Chimene sichingayesedwe pa msika ndi mmene batire lidzapiririre kutentha. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano nyengo ndi yozizira, koma mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi m'chigwa chonse cha Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November, ndipo kutentha kumakalambitsa lithium msanga. Kawailesi kosiyidwa kutsogolo kwa galimoto padzuwa, kapena kotchajidwa kali pambali pa sola pa denga la malata, kamataya mphamvu ya batire mofulumira, n'chifukwa chake chingwe chachitali cholola kuti sola ikhale padzuwa koma batire likhale pamthunzi n'chothandiza. Batire likatupa mpaka chivundikiro kukana kutseka liyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo, ndipo lisabooledwe, lisapatsidwe ana kuti aziseweretsa, komanso lisaponyedwe m'dzenje la zinyalala zomwe zidzawotchedwe, chifukwa likhoza kuphulika pa moto.